Kalata kwa Mkonzi: commitment si kudzipereka nthawi zonse

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za kamawu kena ka Chingerezi kamene kakutizunguza ife owerenga, ndipo penapake ndikuona ngati kamawazunguzanso atolankhani omasulira nkhani. Ndikunena mawu oti commitment, pamodzi ndi abale ake aja commit ndi committed. Nkhani ikangochokera ku chikalata cha Chingerezi, kaya cha boma kaya cha bungwe kaya cha kampani, mupezamo ndithu kuti akuluakulu akutiakuti "adzipereka" kuchita chakuti, ena "atsindika kudzipereka kwawo", enanso "abwereza kudzipereka kwawo pa chitukuko", nde munthu umawerenga mpaka nkhani kutha osadziwa kuti chachitika kwenikweni ndi chani, ndalama zatuluka? asaina pepala? kapena angoyankhula pa maiki basi nkukwera galimoto kumapita? Zinthu zitatuzi nzosiyana kutalitali koma kwa ife zikumafika zitavala dzina limodzi.

Mawuwa azungu sanawapange okha, anachokera ku Chilatini committere, pomwe com ndi pamodzi ndipo mittere ndi kutumiza kapena kusiya chinthu chipite. Pomwe amalowa mu Chingerezi cha m'ma 1300 tanthauzo lake linali kuikiza, kutenga chinthu chako nkuchisiya mmanja mwa munthu wina kuti asunge kapena agwirire ntchito. Ndipotu mawu amenewa tinawabwereka kalekale osadziwa. Komiti imene timainena tsiku ndi tsiku ija ndi mwana wa commit, poyamba committee anali munthu mmodzi amene waikizidwa udindo, kenako ndi pomwe linakhala gulu la anthu opatsidwa nkhani kuti aione mmalo mwa onse. Komishoni ndi komishonala nawonso muzu wake ndi omwewo. Nde mukaona bwino, pansi pa mawu onsewa pali chinthu chimodzi, china chake chachoka mmanja mwako chapita kwa wina, ndipo sungangodzuka mawa nkuchitenganso mmene ukufunira.

Taonani mmene amawagwiritsira ntchito malo amene sachita nawo masewera. Ku khothi majisitireti akanena kuti woimbidwa mlandu is committed for trial ndiye kuti mlanduwo wautumiza ku khothi lalikulu, fayilo yanyamuka, ndipo akati committed to prison munthuyo usiku umenewo sagona kwawo. Palibe amene angamasulire kuti mkaidi wadzipereka ku ndende, wachita kuperekedwa. Chimodzimodzi wodwala misala amene lamulo lalamula kuti akasungidwe ku chipatala olo iye asakufuna, amati he was committed. Kumanda nako mawuwa aliko, mu buku la mapemphero la Church of England la 1662, wansembe ataima mmphepete mwa dzenje, bokosi litatsitsidwa, wina akuwazapo dothi, amanena kuti we commit his body to the ground, kupereka thupi ku nthaka, ndipo mwambo umenewo dzina lake ndi committal. Apa ndi pomwe tanthauzo limaonekera bwino kuposa pena paliponse, zopita kumeneko sizibwerera. Palinso commit to paper, kulemba chinthu kuti chisathere mkamwa, ndi commit to memory, kumene ndi kuloweza.

Olo anyamata a makompyuta mawuwa anawatenga ndi tanthauzo lakale lomwelo. Amene amalemba mapulogalamu amagwiritsa ntchito chida chotchedwa Git chimene Linus Torvalds anapanga mu 2005, munthu amatha kusintha mizere ya pulogalamu tsiku lonse, kufufuta, kubwezera, kuyesa izi ndi izo, zonsezo zimakhala zongoyerekeza, koma akalemba kuti git commit zimene wasinthazo zimalowa mu mbiri ya pulojekiti ndi dzina lake, tsiku ndi nthawi, kuti mawa zikavuta anzake adziwe woti amufunse. Ma sisitimu a ku banki nawonso ndi choncho, ndalama zikamachoka mu akaunti ina kupita ina kompyuta imadikira kuti mbali zonse ziwiri zitheke kenako ndi pomwe imapanga commit, zikakanika pakati imabweza zonse ngati palibe chachitika. Ine izi zimandisangalatsa, eti makina akuwalemekeza mawuwa kuposa anthu a masuti.

Kenako pali tanthauzo loipa lija, commit a crime, commit murder, commit fraud, kumene kwathu ndi kupalamula. Ili silatsopano, Aroma omwe ankanena committere pa zolakwa. Ndipo mu Chingerezi commit wa mtundu uwu amangoyenda ndi zoipa zokhazokha, simudzamva mzungu akunena kuti munthu wapanga commit chifundo pokhapokha akuseleula. Amene amawerenga Baibulo mu zilankhulo ziwiri atha kuona okha, mu Baibulo la Chingerezi la King James la 1611 commit ali pa Eksodo 20:14 pa lamulo la chigololo ndipo alinso pa Salmo 37:5, koma mu Chichewa poyambapo pali "usachite" pomwe pachiwiripo pali "pereka njira yako kwa Yehova". Mawu amodzi uko, awiri osiyana kuno, ndipo palibe amene anasokonezekapo. Nanga ife lero tikulepheranji?

Pa tanthauzo la kupalamulali ndiwonjezereko kena kamene atolankhani olemba Chingerezi akuyenera kukadziwa. Mawu oti commit suicide anakhazikika nthawi imene kudzipha kunali mlandu, ku England ndi Wales lamulo linasintha mu 1961, ndipo masiku ano mabungwe ngati Samaritans, amene amathandiza anthu oganiza zodzipha, komanso buku la kalembedwe la bungwe la nkhani la Associated Press amalangiza kuti asamalembedwe choncho, azingoti munthu died by suicide, kamba koti commit amamuika malemuyo mgulu la zigawenga pamaso pa abale amene akulira. Chichewa vuto limeneli chilibe, koma likuonetsa kulemera kwa mawuwa kwa eni ake.

Za tsiku ndi tsiku nde nzopepuka. Munthu akakana kubwera ku msonkhano nkunena kuti I have other commitments sakutanthauza kuti ndi wodzipereka kwina ayi, akungoti ndatanganidwa, ndili ndi zina zimene ndinavomera kale, ndipo kawirikawiri ndi njira yaulemu yokanira osafotokoza. Financial commitments ndi zolipira zimene zikukudikira mwezi ndi mwezi, lendi, fizi, ngongole. Otsatsa malonda akalemba no commitment akuti yesani kaye simumangika ndi kontilakiti (ngakhale timalemba ting'onoting'ono tammunsi tija nthawi zambiri timanena zina). Mzibwenzi, akati mnyamata ali ndi commitment issues ndiye uja amafuna chikondi koma nkhani ya banja ikangoyambika foni yake imayamba kuvuta netiweki. Ndipo pali noncommittal, yankho loti silikuvomera silikukana, la "tiona" lija. Mwaonatu, asanu awa palibe olo amodzi amene kudzipereka kukukwanapo bwinobwino.

Koma pomwe pandipangitsa kulemba kalatayi ndi pa ndalama, chifukwa apa kumasulira molakwika kumanamiza anthu zenizeni. Mu chilankhulo cha mabungwe othandiza maiko muli masitepe atatu ndipo eni ake amawasiyanitsa mosamala kwambiri. Pledge ndi lonjezo la pa msonkhano, nduna yaimirira yatchula chiwerengero anthu aomba mmanja. Commitment, mmene bungwe la OECD, lomwe mamembala ake ambiri ndi maiko olemera, limawerengera, ndi pangano lolembedwa lomwe kumbuyo kwake kuli ndalama zoti zapatulidwa kale, zoti zipite kwakuti pa ntchito yakuti. Disbursement ndi pomwe ndalamazo zachoka zafika kwa wolandira. Pakati pa sitepe yoyamba ndi yachitatu pamatha kudutsa zaka, ndipo zina zimathera panjira, pulojekiti yachedwa, zofunika kukwaniritsa sizinakwaniritsidwe, boma lopereka lasintha. Nde mtolankhani akalandira chikalata chonena kuti bungwe has committed madola mamiliyoni akutiakuti iye nkulemba mutu woti "bungwe lapereka ndalama", owerenga amayamba kufunsa kuti nanga zapita kuti, ndani wadya, pomwe mwina olo kobiri silinasunthe. Mbali inayo, akalemba kuti "ladzipereka kuthandiza" pomwe pali pangano losainidwa ndi tsiku lake, wawachotsera anthu chingwe chomwe akanakokera bungwelo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo, ndipo owerenga akuyenera kuuzidwa kuti fodyayo ali pati.

Ma banki nawo mawuwa sawaona ngati nkhambakamwa. Pali chimene amati commitment fee, ndalama imene wobwereka amalipira pa gawo la ngongole limene sanatapebe, chifukwa banki yamusungira ndalamazo ndipo singabwereketse wina. Maboma amalipira zimenezi pa ngongole zikuluzikulu pulojekiti ikamachedwa kuyamba. Tangoganizani, commitment yeniyeni imakhala ndi mtengo olo usanagwire kanthu. Mu akaunti za boma namonso commitment ndi ndalama zoti zamangidwa kale, oda yatuluka kapena kontilakiti yasainidwa, katundu asanabwere nkomwe.

Kuti muone kuti anthu amene amalemba mapangano a maiko amawaopa mawuwa, tengani nkhani ya kusintha kwa nyengo. Pangano la Kyoto la 1997 linali ndi commitment period, yoyamba kuchokera 2008 mpaka 2012, ndipo maiko olemera anali ndi milingo yomangika ndi lamulo yochepetsera utsi owononga mlengalenga. Pofika mu November 2013 ku Warsaw, pokonza njira ya pangano latsopano lokhudza maiko onse, pa pepala panali palembedwa kuti dziko lililonse libweretse commitments zake. Msonkhano unapitirira tsiku lotsekera, nthumwi zosagona zitaunjikana mu holo kukanganirana mawu amodzi amenewa, China ndi India akukana kuti sangamangidwe mofanana ndi maiko amene anayamba kalekale kuipitsa mpweya, mpaka anagwirizana kufufuta commitments nkuikapo contributions, kutanthauza zopereka, zomwe aliyense angasonkhe mmene waonera. Ndi chifukwa chake lero mu pangano la Paris la 2015 timamva za nationally determined contributions, zopereka zimene dziko lililonse ladzisankhira lokha. Akazembe a maiko pafupifupi 200 kuchezera usiku kamba ka kamawu kamodzi, ife nkumangokamasulira mwachisawawa ngati nkopanda ntchito.

Nkhani ya msonkhano wa za nyengo wa ku Copenhagen mu 2009 ndiye imaphunzitsa kuwerenga pang'onopang'ono. Aliyense amakumbukira kuti maiko olemera analonjeza madola 100 biliyoni pachaka pofika 2020 othandizira maiko osauka pa za nyengo. Koma chiganizo chake chimati commit to a goal of mobilizing jointly, tamvani mmene achizunguliramo, sanati tipereka, anati tikuvomera cholinga, cholinga chake chosonkhanitsa, ndipo mogwirizana, kutanthauza kuti palibe dziko limodzi limene mungaligwire pakhosi kuti gawo lako ndi ili. Commit alipo ndithu koma wamangiriridwa ku cholinga osati ku ndalama. Zotsatira zake, mwa kuwerengera kwa OECD mu 2020 zinafika madola 83.3 biliyoni, ndipo mlingo uja unadzakwana mu 2022 pa 115.9 biliyoni, zaka ziwiri mochedwa, zambiri mwa izo zili ngongole zoti zibwezedwe. Mtolankhani amene analemba mu 2009 kuti "maiko olemera adzipereka kupereka 100 biliyoni" sananame dala, koma anawapatsa ulemu umene chiganizo chawo chomwe sichinapemphe.

Zitsanzo zilipo zambiri sinditha zonse. Mu 1970 msonkhano waukulu wa United Nations unavomereza kuti maiko olemera azipereka 0.7 peresenti ya chuma chomwe amapeza pachaka ngati thandizo, zaka zoposa 50 zadutsa ndipo amene akhala akukwanitsa ndi owerengeka, monga Norway, Sweden, Denmark ndi Luxembourg. Britain inafika poika mlingowu mu lamulo mu 2015 koma mu 2021 inautsitsa kufika 0.5. Atsogoleri a mu Africa nawo ku Abuja mu 2001 anagwirizana zoika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, ku Maputo mu 2003 anati 10 peresenti ku ulimi, ndipo maiko amene amafikapo chaka ndi chaka ndi ochepa. Zonsezi mu malipoti zimatchedwa commitments. Ine sindikuti onse amene anasaina anali abodza, ena anayesetsa ndipo chuma chimavutadi, mfundo yanga ndi yoti mawu amodzimodziwa akuphimba lamulo, pangano, cholinga ndi chikhumbo chabe, nde womasulira ndi amene akuyenera kuvundukula kuti pansipo pali chiti.

Kachinyengo kambiri kamabisala mu galamala, apa aphunzitsi a Chingerezi andivomereza. Pali kusiyana pakati pa we have committed chakuti to chakuti ndi we are committed to chakuti. Koyambako commit ndi mneni ndipo ali ndi chinthu chimene wanyamula, ndalama, asilikali, magalimoto, masiku, mutha kufunsa kuti zingati ndipo liti. Kwachiwiriko committed wasanduka mfotokozi, akungofotokoza mmene mtima wa woyankhulayo ulili, ngati kunena kuti ndife okondwa kapena ndife okhudzidwa, ndipo mtima wa munthu palibe odita amene angauwerengere. We remain committed ndiye woopsa kwambiri, nthawi zambiri amatuluka pomwe chinthu chalephereka kale, tsiku ladutsa, nde akufuna musawafunse. Makampani amakonda zomwezi, we are committed to excellence, we are committed to customer satisfaction, zolembedwa pakhoma pomwe pamzere anthu aima maola. Kunena zoona chiganizo choterocho mutachichotsa mu nkhani palibe chimene owerenga angataye.

Poti ndayamba za galamala, ana asukulu amene amawerenga tsamba lino atolepo izi, pambuyo pa committed to pamabwera mneni wothera ndi ing, committed to improving osati committed to improve, chifukwa to ameneyu ndi mperekezi. Sipelo nayonso imagwetsa anthu ambiri, committed, committing ndi committee ali ndi t awiri otsatizana koma commitment ali ndi t mmodzi pakatipo, pomwe m wapakati ndi awiri monsemo. Basi za mayeso zathera pompa.

Wina atha kunena kuti a uyu akulimbana ndi zazing'ono, kudzipereka ndi commitment bwa, dikishonale ikutero. Eya ikutero, ndipo pena zimagwirizanadi bwino kwambiri, mwinanso kuposa mmene azungu angaganizire, pajatu mkati mwa kudzipereka muli kupereka, ndipo chimene chaperekedwacho ndi iwe mwini. Namwino amene shifiti yake yatha koma sakuchoka pa bedi la wodwala chifukwa womulandira sanafike, mphunzitsi amene akuchonga makope usiku ndi tochi ya pafoni, mayi amene wasamala mwamuna wake wodwala zaka ndi zaka osanyinyirika, amenewo akati committed ife nkuti odzipereka palibe chotsutsa. Vuto ndi loti mawu athuwa ndi olemera, ali ndi fungo la nsembe, amanena za chinthu chimene tachiona munthu akuchita ndipo kawirikawiri amanenedwa ndi ena osati mwini wake. Nde tikamawapereka ulele kwa aliyense amene wawerenga sipichi yolembedwa ndi wina, tikumuyamikira ntchito asanaigwire, komanso tikuwasukulutsa mawuwo moti tsiku lomwe tidzafune kunena za namwino uja adzakhala atatha mphamvu.

Chichewa sichosauka pa nkhaniyi. Tili ndi kulonjeza, kulumbira, kuvomera, kutsimikiza, kusainira pangano, kupatula ndalama, kuikiza, kupereka chikole, kudzimanga ndi mawu ako, ndipo lililonse lili ndi kulemera kwake. Munthu akangoyankhula pa msonkhano lembani kuti walonjeza, kapena kungoti wanena kuti achita, owerenga amadziwa okha kuti lonjezo ndi chani. Ngati pali pepala losainidwa lembani kuti asainirana pangano ndipo mutiuze tsiku limene ntchitoyo ikuyenera kutha. Ngati ndalama zaikidwa mu bajeti koma sizinatuluke, zapatulidwa. Zikafika, zaperekedwa. Ndipo ngati chikalata chikungoti we remain committed popanda chiwerengero kapena tsiku, mtolankhani aimbe foni afunse kuti mwaikapo chani, zingati, pofika liti, akakana kuyankha alembe zomwezo kuti sanatchule ndalama kapena tsiku, imeneyonso ndi nkhani.

Ndikudziwa mu nyuzirumu nthawi imakhala yothina, chikalata chafika 4 koloko nkhani ikufunika 5 koloko, ndipo kudzipereka ndi mawu amene amabwera msanga pa kiyibodi. Koma inu a Mkonzi ndi amene mumaona nkhani komaliza isanapite kosindikiza, nde pempho langa ndi loti mukakumana ndi "adzipereka" muzimubwezera mtolankhaniyo akaonenso chiganizo cha Chingerezi chimene anachokera, ngati ndi have committed kapena are committed, ndipo ngati nkotheka kagawo ka zilankhulo mu nyuzipepala yanu kadzatengeko mawu ena ovuta chimodzimodzi monga engage, address ndi facilitate, amenewonso akutipweteka mitu.

Ndine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu